Zotsatira za mayeso zatsika pasukulu yaing'ono, kodi mwana asamutsidwe?

Mayi wina wanditumizira imelo yofunsa za sukulu ya mwana wake. Ndi pulayimale ya boma yaing'ono, ya kalasi imodzi pa sitandade iliyonse, ndipo ana m'kalasi sapitirira 20. Chaka chatha kalasi yomaliza inakhoza bwino mayeso, koma chaka chino zotsatira zagwa. Ataona ziwerengero za sukuluyo, wapezanso kuti ana ambiri ndi a m'mabanja osauka, ndipo ena kunyumba amalankhula chinenero chosiyana ndi chomwe amaphunzirira. Akufunsa ngati sukuluyi yalowa pansi, komanso ngati ndi bwino kumusamutsa mwana.

Mayi, kalata yosamutsira mwana isiyeni kaye, tiyambe ndi masamu. M'kalasi ya ana 20, mwana mmodzi yekha ndi 5 peresenti. Ana atatu akadwala sabata ya mayeso, kapena kukabwera banja la ana awiri amene anakhala miyezi osaphunzira, ndiye kuti zotsatira zatsika ndi 10 kapena 15 peresenti pomwe aphunzitsi sanasinthe kalikonse. Pasukulu pomwe olemba mayeso ndi 200, mwana mmodzi ndi theka la peresenti basi, ndipo wina akapunthwa amabisika pakati pa anzake. Katswiri wa masamu Abraham de Moivre anasonyeza kale m'zaka za m'ma 1700 kuti gulu likachepa, avereji yake imalumphalumpha kwambiri. Katswiri wa ziwerengero Howard Wainer atafufuza masukulu a ku Pennsylvania, ku America, anapeza kuti aang'ono anali ochuluka pakati pa ochita bwino kwambiri, ndipo analinso ochuluka pakati pa olephera kwambiri. Ndiye chaka chatha chija mwina sukulu yanu sinali yapamwamba monga munkaonera, ndipo chaka chino si yoipa monga mukuopera. Pemphani zotsatira za zaka zinayi kapena zisanu muzione pamodzi.

Tsopano za umphawi, zomwe ndikuona kuti ndi zimene zikukusowetsani tulo. M'chaka cha 1966, James Coleman ndi anzake anatulutsa kafukufuku wa boma la America wokhudza ana oposa 600,000. Anapeza kuti kusiyana kwa malikisi a ana kumachokera kwambiri kunyumba kuposa ku nyumba zophunziriramo kapena kuchuluka kwa zipangizo. Mayeso a PISA, omwe bungwe la mgwirizano wa mayiko pa zachuma la OECD lakhala likulembetsa ana a zaka 15 kuyambira 2000, amaonetsanso zofanana m'mayiko ambiri. Mwana amene amawerengeredwa nthano asanayambe sukulu, amene amadya asanapite m'kalasi ndiponso sajomba, amayamba ali kale patsogolo. Choncho peresenti ya okhoza imakuuzani zambiri za mabanja ozungulira sukuluyo, koma za luso la aphunzitsi imakuuzani zochepa. Kuweruza sukulu ndi nambala imeneyi kuli ngati kunyoza dokotala chifukwa odwala amafika kwa iye ali kayakaya.

Sindikubisirani mbali inayo. Coleman yemweyo anapeza kuti anzake a m'kalasi ali ndi gawo lawo, moti mwana wosauka ankachita bwinoko akakhala pakati pa ana a m'mabanja opezako. Ana ambiri akamajomba kapena kufika ndi njala, mphunzitsi amabwerezabwereza phunziro ndipo kalasi yonse imayenda pang'onopang'ono. Zimenezi n'zoona. Chomwe chimandinyansa ine ndi makolo amene amangoona nkhope ndi zovala za ana pageti n'kugamula kuti apa palibe sukulu.

Za chinenero sindikudandaula nazo kwenikweni. Katswiri wa zamaphunziro a zinenero Jim Cummins wa ku Canada anasonyeza kuti mwana amatha kucheza m'chinenero chatsopano pakatha pafupifupi zaka ziwiri, koma kuti afike pofanana ndi anzake pa chinenero cha m'mabuku pamatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Ana otere amatsitsa avereji ya sukulu m'makalasi oyambirira, koma si kuti ndi mbuli, ndipo malikisi awo sachotsa kanthu pa malikisi a mwana wanu.

Pali chinthu chabwino chimene muli nacho kale. Ku Tennessee, ku America, kuyambira 1985, boma linayesa kugawa ana mwamaere, ena m'makalasi a ana 13 mpaka 17, ena a 22 mpaka 25, kuyambira kalasi yamkaka mpaka giredi 3. A m'makalasi aang'ono anachita bwino powerenga ndi masamu, ndipo amene anapindula kwambiri ndi ana osauka ndi ana akuda. Mukamusamutsira ku sukulu yotchuka ya makalasi odzaza, mwayi umenewu mwautaya.

Nanga muyang'ane chiyani? Tengani kope la mwana madzulo ano. Onani madeti, ngati ntchito imaperekedwa tsiku ndi tsiku. Onani ngati cholembera cha mphunzitsi chimadutsamo, ndipo pomwe mwana analakwa, ngati anabwereza n'kukonza kapena anangopatsidwa mtanda n'kupitirira. Yerekezani tsamba la kumayambiriro kwa chaka ndi la sabata ino. Kenako mupatseni buku lomwe sanalionepo, awerenge ndime imodzi mokweza, mulitseke, akufotokozereni zomwe wamva. Mwana woloweza pamtima amagwidwa pomwepo.

Mukatero pitani kwa mphunzitsi wamkulu, osati kukakangana, koma ndi mafunso. Kalasi yomwe yalepherayi inali pati zaka ziwiri zapitazo? Ndi aphunzitsi angati amene achoka posachedwapa? Mwana wotsalira powerenga amathandizidwa ndi ndani, nthawi yanji? Mphunzitsi wamkulu wodziwa ntchito yake amayankha mosazungulira, chifukwa pasukulu yaing'ono mwana aliyense amamudziwa ndi dzina.

Ine ndingamusamutse mwana ngati wamaliza sitandade 3 asakutha kuwerenga ndipo palibe amene ali ndi dongosolo lomuthandiza, ngati aphunzitsi akusintha teremu iliyonse, kapena ngati akuzunzidwa ndi anzake akuluakulu akungoyang'ana. Ngati zimenezi palibe, musiyeni amalize chaka. Kusamuka nako kumabweza mwana m'mbuyo, chifukwa amataya miyezi akuzolowera aphunzitsi ndi anzake atsopano. Mukakaonana ndi mphunzitsi wamkulu mundilemberenso, makamaka pa funso la aphunzitsi ochoka lija.