Inshuwalansi yati galimoto yanga ndi Cat S: ndigulitse kuno kapena nditumize kumudzi?

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester, ku England. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Honda Jazz yanga ya 2012 inagundidwa m'mbali pa roundabout. Ine sindinavulale, koma chitseko chakumbuyo ndi chitsulo cha pansi pake zinapindika. A inshuwalansi akuti ndi Cat S, kutanthauza kuti chimango chawonongeka ndipo iwo saikonzetsa, akufuna andipatse £3,000 iwo atenge galimotoyo. Injini ikulira bwinobwino. Achimwene anga akuti ndiigulenso kwa a inshuwalansiwo, tiiwongoletse motchipa, tiitumize ku Lilongwe ikagulitsidwe, poti kumeneko za Cat S palibe amazidziwa. Ndipange bwanji?"

Achemwali, pepani ndi ngoziyo, ndipo tiyamike kuti inu muli bwino. Za ku Lilongwe tifikako, koma tiyambe ndi £3,000 ija, chifukwa ndalama zambiri zimatayika pamenepo anthu asanayambe n'komwe kuganiza zogulitsa. Mtengo woyamba umene a inshuwalansi amatchula simukakamizidwa kuulandira. Iwo ayenera kukulipirani ndalama zokwana kugula galimoto ina yofanana ndi yanuyo monga inalili tsiku la ngozi lisanafike. Lowani pa Auto Trader, tsamba la pa intaneti logulitsirapo magalimoto, pezani ma Jazz a chaka chomwecho, oyenda mamailosi ofanana ndi anu, jambulani mitengo yake. Onjezanipo malisiti a sevisi, a matayala atsopano ngati munagula, n'kuwatumizira zonsezo polemba, osati pafoni pokha. Akakana, lembani dandaulo. Akakupatsani yankho lawo lomaliza, kapena pakatha masabata 8 ali zii, muli ndi ufulu wopita ku Financial Ombudsman Service, bungwe lomva madandaulo a anthu pa makampani a zachuma, ndipo kumeneko simulipira kalikonse. Musangozengereza, poti amakupatsani miyezi 6 yokha kuchokera tsiku la yankho lomalizalo. Ngati galimotoyo munaitenga pangongole ya HP kapena PCP, yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo simunamalize kulipira, dziwani kuti sinakhale yanu, moti simungaigulitse popanda chilolezo cha okongozawo, ndipo ndalama za inshuwalansi zimayamba zapita kwa iwo.

Tsopano chilembo chimene akupatsanicho. Kuyambira mu Okutobala 2017, magalimoto amene a inshuwalansi awataya ku Britain amaikidwa m'magulu a A, B, S ndi N. Ya A imaphwanyidwa yonse, ngakhale bawuti saloledwa kuchotsapo. Ya B mungachotsemo masipeya koma thupi lake liyenera kuphwanyidwa. Ya N yawonongeka zinthu zina, mwina magetsi, mwina mabampala, mwinanso chiwongolero, koma chimango chake chili bwino. Ya S ndiye yanuyo: chimango chenicheni chakhudzidwa. Chitsulo cha pansi pa chitseko chimene mukuti chinapindikacho, pamodzi ndi mzati wapakati pa zitseko ziwiri, ndi zimene zinalandira mphamvu ya galimoto inayo kuti isafike pampando. Zinagwira ntchito yake, ndipo chitsulo choterocho chikapindika kamodzi sichibwerera mphamvu pongochimenya ndi hamala. Chimafunika kudulidwa, kuikapo china, n'kuyeza galimoto yonse pamakina.

Ya S ndi ya N zimaloledwa kubwerera pamsewu, ndiye kuigulanso kwa a inshuwalansi n'kotheka. Iwo amachotsa mtengo umene akanaipezera kumsika wa magalimoto owonongeka, monga wa Copart, amachotsanso excess yanu, ndalama ija munagwirizana kuti muzilipira nokha pakachitika ngozi, chotsalacho n'kukupatsani. Afunseni nambala imeneyo musanavomere, ndipo tsiku lomwelo imbirani ogula magalimoto owonongeka angapo mumve kuti iwo angapereke zingati. Ngati zimene akutchula sizikuposa zimene a inshuwalansi akuchotsa, mukungodzigulira galimoto yoti izikhala pakhomo ikukusowetsani tulo. Mukaisunga, buku lake la V5C mumalitumiza kwa a inshuwalansi, n'kupempha lina ku DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, pogwiritsa ntchito fomu ya V62, ndipo latsopanolo limabwera litalembedwa kuti galimotoyi inawonongekapo kwambiri. Ngakhale bukulo litasowa, mbiri yake ili kale m'kaundula wa makampani a inshuwalansi, moti wogula aliyense amene walipira ndalama zochepa za HPI check, yofufuzira mbiri ya galimoto, amaiona pompopompo.

Kugulitsa kuno ndiye kosavuta, malinga ngati mukunena zoona. Lembani "Cat S" pamwamba penipeni pa chilengezo chanu, ikani zithunzi zoonetsa bwino pamene panagundidwapo, ndipo palisiti mulembe kuti galimotoyi ndi yowonongeka, yagulitsidwa kuti ikakonzedwe kapena ikachotsedwe masipeya. Nonse awiri musainire. Wogulayo abwere ndi lole yonyamulira, asaiyendetse, chifukwa lamulo la Road Traffic Act 1988 limaletsa kugulitsa galimoto yosayenera kuyenda pamsewu ngati kuti ili bwino. Mukabisa, wogulayo n'kudzatulukira pambuyo pake, akhoza kukutengerani kukhothi kuti mubweze ndalama zake. Ogula enieni a galimoto ngati yanuyi ndi amakaniko ndi ophwasula magalimoto, amene akufuna injini, giyabokosi, magetsi akutsogolo ndi zitseko za mbali inayo. Iwowa chilembo cha S sichiwaopsa. Mukasankha kuigulitsa ngati zitsulo zakutha, pitani nayo kumalo ovomerezeka otchedwa ATF, amene amapereka Certificate of Destruction, kalata yotsimikiza kuti galimoto yaphwanyidwa, pasanathe masiku 7. Wina akabwera ndi ndalama m'manja kuti agule scrap, mukaneni: ku England ndi Wales lamulo la 2013 limati azilipira kudzera kubanki kapena pacheke.

Za achimwene anu tsopano. Ndikuwamvetsa, poti Jazz ndi galimoto yomweyo imene kumudzi timaidziwa kuti Honda Fit, yosamwa mafuta ambiri, ndipo ogula sasowa. Koma khalani nawo pansi muwerengere limodzi. Pali ndalama yoigulanso, ya wowongola, ya sitima mpaka ku Dar es Salaam kapena Walvis Bay, ya padoko, ya woiyendetsa mpaka pachipata cha Songwe ngati yadzera ku Tanzania, kenako msonkho wa MRA umene umakwera malinga ndi zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Zonsezi mudzalipira chimodzimodzi ndi munthu amene watumiza galimoto yabwinobwino. Ngati phindu likuoneka pokhapokha wogula asadziwe za ngoziyo, ndiye kuti phindulo mukulitenga m'thumba mwa munthu amene mwamunamiza. Ndipo tonse tikudziwa mmene galimoto zochokera kunja zimagulitsidwira kwathu: woyamba kumva ndi wachibale, mnzathu wa kutchalitchi, kapena mnyamata amene watenga ngongole kuti ayambe takisi. Galimoto imeneyo idzanyamula anthu odzaza mpaka m'buti pamsewu wa M1 wa ku Malawi, m'maenje, ndipo phala limene anamata pachitsulo chija lidzayamba kung'aluka pamzere wa chitseko. Tsiku limene idzagundidwenso mbali yomweyo, wokhala pampando wakumbuyo sadzakhala ndi mwayi umene munali nawo inu pa roundabout paja.

Musadalirenso MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, kuti ikuyeretseni. Kuyambira mu 2015, pamene boma linathetsa kuyendera kwa VIC, komwe kunkangotsimikiza kuti galimotoyo ndi yomweyo yolembedwa m'buku, palibe amene amakakamiza kuti galimoto yokonzedwa pambuyo pa ngozi ikayezedwe mwapadera, ndipo woyeza MOT sayeza ngati chimango chabwerera m'malo mwake. Ngati mtima wanu uli pa kuitumiza basi, ikonzedwe ndi garaja yokhala ndi makina oyezera chimango, katswiri wapadera aiyendere n'kulemba lipoti, ndipo lipotilo lipite limodzi ndi galimoto kuti wogula ku Lilongwe aliwerenge asanapereke ndalama. Pa Jazz ya 2012 ndikukayika ngati patsala kanthu mukalipira zonsezo.

Ndikanakhala ine, ndikanalimbana nawo a inshuwalansi kuti akwezeko £3,000 ija, ndiwasiyire galimotoyo, ndalamazo ndigulire ina yopitira kuntchito. Mukatero, musaiwale kudziwitsa a DVLA pa intaneti kuti galimoto yapita kwa a inshuwalansi. Kulephera kutero kuli ndi chindapusa chofika £1,000, pamene mukawauza amakubwezeraninso msonkho wa pamsewu wa miyezi yathunthu imene yatsala.