Nyenje zikulira m'makutu mwa bambo a kunyumba

FUNSO: Bambo a kunyumba agwira ntchito pachigayo cha dizilo zaka 9. Tsopano akuti m'makutu mukulira ngati nyenje, makamaka usiku, ndipo pagulu samva bwino. Ndinamva kuti kunja amachiza zimenezi ndi magetsi. Kodi ndi zoona? Mayi wa ku Khombedza, Salima

YANKHO: Mayi, kulirako kumamveka m'khutu, koma kwenikweni kumachokera muubongo. Mkati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo tatitsitsi pafupifupi 16,000 timene timasandutsa mawu kukhala uthenga wopita kuubongo. Phokoso lalikulu limatipha pang'onopang'ono. Mbalame ndi nsomba zimameretsa tina, munthu ayi. Uthenga ukachepa, ubongo umachita zomwe mumachita wailesi ikamazilala: umakweza voliyumu, ndiye "shiii" uja amamveka.

Timaselo ta mawu okwera ngati likhweru, cha pa 4,000 Hz (Hz ndi muyezo wa kukwera kwa mawu), ndi timene timayamba kufa. N'chifukwa chake bambo amamva kuti munthu akulankhula koma "s" ndi "f" zimawasowa.

Zamagetsi n'zoona, koma musayembekezere zambiri. Kachipangizo kotchedwa Lenire, ka ku Ireland, kanavomerezedwa ku America mu 2023: munthu amavala mahedifoni kwinaku timagetsi tochepa tikugunda lilime, kuti ubongo uleke kusamala kulirako. Ena kumawachepera, koma timaselo takufa sitiuka.

Chofulumira ndi kupulumutsa totsalato. Phokoso la 85 decibel (muyezo wa kukula kwa phokoso) munthu angakhalemo maola 8 patsiku. Likakwera ndi 3, nthawiyo imadulidwa pakati: 88 maola 4, 91 maola 2, 100 mphindi 15 zokha. Muyezo wosafuna makina ndi uwu: ngati akufuula kuti amvane ndi munthu amene waima mita imodzi, phokosolo lapyola. Thonje limene ambiri amatsekera m'makutu siliteteza kwenikweni. Agule zotsekera zasiponji. Azifinya ndi zala zoyera mpaka ziwonde, akokere khutu m'mwamba ndi kumbuyo, alowetse, agwire masekondi 30 kuti zifufume. Zikangokhala pakhomo pa khutu, ndiye kuti sanavale.

Usiku asagone m'nyumba ya zii. Wailesi yotsitsa kwambiri imaphimba nyenjezo. Mafuta, adyo kapena madzi a masamba asathire m'khutu.

Apite kuchipatala cha boma ku Salima akawaone ngati mulibe phula kapena mafinya, akapemphenso kalata yokayezetsa kamvedwe. ABC Hearing Clinic ku Lilongwe amayeza ndi kuveka zothandizira kumva, zomwe kwa ambiri zimachepetsanso kulirako. Akanene ngati analandirapo kwinini, gentamicin kapena streptomycin, poti mankhwala amenewa amatha kuwononga khutu. Koma kulirako kukakhala mbali imodzi, kukamagunda ngati mtima, kapena khutu likagontha mwadzidzidzi, apite tsiku lomwelo: mankhwala a kugontha kotereku amagwira bwino m'masabata awiri oyamba.