Yankho kwa achemwali ofuna kukathyola maapozi ku Kent

Achemwali, mwafunsa kuti minda ija munthu amakathyola yekha maapozi ku Kent, chigawo cha kummwera chakum'mawa kwa England, imayenda bwanji, kuti mupite liti ndi ana anu awiri, komanso ngati n'zotchipa kusiyana ndi kugula m'sitolo. Ndiyambe ndi za ndalamazo kuti mtima ukhale m'malo. Ngati cholinga n'kupulumutsa makobidi, musavutike ndi ulendowu. Mukawonkhetsa mafuta a galimoto kapena tikiti ya sitima, n'kuwonjezerapo zakumwa za ana, mupeza kuti maapozi a ku Aldi kapena ku Lidl ndiwo otchipa. Minda yambiri imagulitsa pa kilogalamu, mumathyola kenako amakuyezerani pasikelo potuluka, ndipo ina imalipiritsanso polowa, tikiti yake yogulira pa intaneti. Komabe ine ndikuti pitani. Mukupitira apozi amene wapsera mumtengo, mitundu imene m'masitolo akuluakulu simungaione, komanso kuti anawo aone ndi maso awo kuti chipatso chimachokera kunthambi. Ambiri a ife tinakula tikuona maapozi ali m'makatoni ochokera ku South Africa, amodziamodzi pamsika, mtengo wobereka maapoziwo osaudziwa n'komwe. Ulendowu ndi wa akuluakulufe chimodzimodzi.

Chimene chimakhumudwitsa mabanja ambiri ndi nthawi. Anthu amadikira tchuthi cha ana cha kumapeto kwa Okutobala, n'kukapeza mizere ya maapozi itatha, eni munda atatembenukira ku maungu a Halloween. Maapozi sapsa tsiku limodzi, mtundu uliwonse uli ndi masabata ake. Oyambirira ndi Discovery, amene amapsa mu Ogasiti, ofiira bwino, nthawi zina kufiirako kumalowerera mpaka m'kati. Ndi okoma kwambiri tsiku lomwelo koma sakhalitsa, pakangotha sabata ayamba kufewa. Kumayambiriro kwa Sepitembala kumabwera Worcester Pearmain, amene ana amawakonda chifukwa ali ndi kafungo ka sitiroberi. Kuyambira pakati pa Sepitembala mpaka kumayambiriro kwa Okutobala ndiye pachimake: Cox, Gala, Egremont Russet ndi Bramley, onse amapezeka chapamenepa. Braeburn ndi wochedwa, wa kumapeto kwa Okutobala. Ndiye mukandifunsa tsiku, ndinena Loweruka lililonse la masabata awiri omaliza a Sepitembala, m'mamawa, anthu asanachuluke. Chaka ndi chaka nyengo imasuntha masikuwa pang'ono, kukatentha msanga zipatso zimapsanso msanga. N'chifukwa chake muziyamba mwaona tsamba la Facebook la mundawo kapena kuwaimbira foni sabata yomweyo n'kufunsa kuti mizere yotsegula ndi ya mtundu wanji. Pofufuza pa intaneti lembani PYO, chidule cha Pick Your Own, kutanthauza kuthyola wekha, ndi zilembo zomwezo zimene muzione pazikwangwani m'mbali mwa msewu.

Mwa onsewa, chonde musabwerere musanalawe Cox. Dzina lake lonse ndi Cox's Orange Pippin, ndipo anaudzala koyamba ndi Richard Cox, bambo amene anapuma pantchito yofulula mowa, ku Colnbrook kufupi ndi kumene kuli bwalo la ndege la Heathrow lero. Maonekedwe ake si okopa, ndi wamng'ono, wamizeremizere yofiirira, koma kukoma kwake kumaphatikiza kutsekemera, kuwawasa ndi fungo mwa njira imene Gala sangafikepo. Akapsa bwino, mukamugwedeza pafupi ndi khutu nthawi zambiri mumamva njere zikuchita phokoso m'kati, ndipo ana amasangalala nazo zimenezi. Egremont Russet naye musamunyoze chifukwa cha khungu lake lokhakhala, lofiirira ngati lodwala. Ndi mmene analengedwera, m'kati ndi wouma pang'ono, wokoma ngati mtedza.

Chenjerani ndi Bramley. Ndi maapozi akuluakulu, obiriwira, ochititsa kaso mumtengo, ndipo ndaonapo mabanja akudzaza matumba ndi amenewa poganiza kuti apeza abwino kuposa onse. Ndi ophika. Aawisi ndi owawasa moti mwana amaluma kamodzi n'kutaya. Koma mukawasenda, n'kuwaduladula, n'kuwaika pamoto ndi timadzi pang'ono ndi shuga, amasungunuka okha n'kukhala ofewa ngati phala, osafunanso kusinja. Mtengo woyamba wa Bramley unamera kuchokera ku njere imene mtsikana wina, Mary Ann Brailsford, anadzala ku Southwell ku Nottinghamshire mu 1809, ndipo dzinalo ndi la Matthew Bramley, wogulitsa nyama amene anadzagula nyumbayo pambuyo pake. Mitengo yonse ya Bramley imene muione ku Kent inachokera ku nthambi za mtengo umodzi umenewo, chifukwa maapozi amachulukitsidwa pomezanitsa. Njere ya apozi simabereka chipatso chofanana ndi make. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa kuti wina mwa ife waganiza kale zosunga njere kuti akadzale kumudzi. Sizingathandize, ndipo mitundu ya kunoyi imafuna kuzizira kwa miyezi ingapo kuti ichite maluwa bwino. Kumadera otentha imene imayesedwa ndi ina, monga Anna ndi Dorsett Golden, yosafuna chisanu chambiri.

Tsopano kathyoledwe, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, inu ndi anawo. Apozi si mango. Palibe kugwedeza mtengo, palibe kugenda, palibe kukwera kapena kukoka nthambi. Mumaika chipatso m'chikhatho, n'kuchikweza m'mwamba pang'ono uku mukuchipotoza. Ngati chapsa chimachoka chokha pamodzi ndi kamtengo kake kamene chimalendewerapo. Chikakana, chisiyeni, sichinapse. Chifukwa chake n'chakuti pafupi penipeni ndi pamene apozi walendewera pali timphukira tonenepa timene tidzachite maluwa mu Epulo kapena Meyi chaka chamawa. Mukakoka mwamphamvu n'kubwera ndi kanthambi ndi masamba, mwathyolera limodzi zokolola za mlimi za chaka chamawa. Munthu mmodzi akatero sizioneka, koma tangoganizani anthu mazana Loweruka lililonse. Kundiwawa kwake n'kwakuti ambiri amachita izi mosadziwa, palibe anawauza. Ndiye musanalowe m'mizere, agwireni anawo dzanja, muthyole nawo limodzi oyambawo mpaka atazolowera. Poika m'thumba ikani mwaulemu, osaponya. Apozi akagunda penapake amachita bala m'kati limene silioneka tsikulo, pakapita masiku ndi pomwe pamayambira kuwola.

Posankha yang'anani zipatso za kunja kwa mtengo, makamaka mbali ya kummwera, chifukwa kuno dzuwa limadutsa chakummwera ndipo mbali imeneyo ndi imene imapsa koyamba. Mukadula apozi n'kupeza njere zili zoderapo, ndiye kuti wapsa, zikakhala zoyera ndi wosakhwima. Makwerero simuwafuna. Mudabwa kuona kuti mitengo yambiri ndi yaifupi, mwana wa zaka zisanu amafikira nthambi zam'munsi. Zimenezi zinachokera ku Kent komweko. Ku East Malling, kufupi ndi Maidstone, kuli malo ofufuzira za zipatso amene anatsegulidwa mu 1913, ndipo akatswiri a kumeneko ndi amene anasanja mitundu ya mizu imene amamezanitsapo maapozi. Wotchuka kwambiri ndi M9, umene umachititsa mtengo kukhala waufupi n'kuyamba kubereka msanga, ndipo lero ukugwiritsidwa ntchito m'minda ya maapozi m'mayiko ambiri. Mizu yake ndi yosazama, n'chifukwa chake muona mitengo itamangiriridwa ku mitengo youma kapena ku mawaya. Mwana akatsamira kapena kulendewera pamtengo wotere akhoza kuuthyola.

Nkhani yodya muli m'munda, minda imasiyana. Ina imalola kulawa mmodzi kuti mudziwe mtundu, ina imaletseratu. Funsani pakhomo. Koma kukhuta m'mizere n'kukayezetsa maapozi atatu potuluka, kumeneko n'kudyera mlimi masuku pamutu, ndipo ndi khalidwe limene lachititsa minda ina kuyamba kulipiritsa polowa. Thyolani okhawo amene mugule. Mukangothyola, ndi wanu, musamusiye pansi chifukwa mwaona wina wamkulupo. Chinanso, ku Kent kuli tinjira tambiri ta anthu oyenda pansi todutsa m'kati mwa minda ya zipatso. Lamulo limakulolani kudutsa, koma zipatsozo ndi za mwini munda.

Zogwa pansi musawapatse ana kuti adye zaziwisi. M'minda ina mumadyetsedwa nkhosa, komanso zipatso zogwa ndi zimene mavu amakonda. Mu Sepitembala mavu amakhala ambiri ndiponso aukali, amabisala m'kabowo ka apozi wowola, ndiye uzani ana kuti aziyang'ana asanagwire. Ngati wina mwa iwo amatupa kwambiri akalumidwa, tengani mankhwala ake. Valani majombo kapena nsapato zotseka chifukwa udzu umakhala ndi mame mpaka chakumasana, tengani majekete, madzi akumwa ndi zopukutira m'manja. Kumene kuli ziweto zoti ana azigwira, asambe m'manja ndi sopo asanadye chilichonse. Matumba ena amapereka, koma dengu kapena katoni yanu ndi yabwino kuposa jumbo, mmene zipatso zimapanikizana.

Munanenanso kuti mumachita mphwayi kupita kumidzi ya kuno poopa kuti mukakhala nokha akuda. N'zoona kuti m'timidzi tina anthu amakuyang'anani, sindingakubisireni. Koma minda yothyola wekha imalandira mabanja ochokera ku London ndi ku Medway a mitundu yonse, makamaka Loweruka ndi Lamlungu, ndipo eni ake amakondwa ndi mlendo amene akufunsa za mitengo yawo. Afunseni kuti mtundu uwu ndi uti, upsa liti, ndipo muona mmene amamasukira. M'minda ikuluikulu yogulitsa ku masitolo, othyola ambiri masiku ano ndi anthu obwera pa viza ya miyezi isanu ndi umodzi, ochuluka a ku Kyrgyzstan, Uzbekistan, Kazakhstan ndi Tajikistan. Kumapiri a chigawo chimenecho, makamaka kufupi ndi Almaty, n'kumene kumamera apozi wam'tchire amene ndi kholo la maapozi tikudyawa. Mukathyola kwa ola limodzi n'kumva msana, muwakumbukire amene amagwira ntchitoyi kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Ngati mulibe galimoto, minda yambiri ndi yovuta kufikako chifukwa mabasi akumidzi ndi osowa, makamaka Lamlungu. Malo osavuta ndi Brogdale, kunja kwa tauni ya Faversham, kumene sitima zochokera ku London Victoria ndi ku St Pancras zimaima. Ku Brogdale n'kumene boma limasungira mitundu ya zipatso ya dziko lino, ndipo ya maapozi okha imaposa 2,000. Dziwani kuti si munda wodzithyolera mwakufuna kwanu, ndi malo osungira mbewu, mumayenda moonetsedwa, ndiye onani kaye masiku amene amalandira alendo. Dera limeneli ndi lakale pa nkhani ya zipatso. Ku Teynham, pakati pa Faversham ndi Sittingbourne, Richard Harris, amene ankasamalira za zipatso za Mfumu Henry VIII, anadzala minda yake mu 1533. Ndipo mukaphonya Sepitembala, pa 21 Okutobala ndi Apple Day, mwambo umene unayamba mu 1990. Masiku oyandikana ndi tsikuli minda ndi midzi yambiri imakonza zolawitsa mitundu yosiyanasiyana ndi kufinya madzi a maapozi anthu akuona. Samalani chabe kuti botolo lolembedwa cider ndi mowa, si madzi a ana.

Pang'ono za ife eni. Minda yambiri yothyola wekha imalimanso chimanga chotsekemera chimene chimapsa mu Ogasiti ndi Sepitembala. Si mondokwa wakwathu, n'chofewa ndiponso chashuga, koma chowotcha tsiku lomwelo chimatonthoza mtima. Pa maungu, aakulu achikasu a Halloween aja ndi amadzimadzi, osakoma kuphika. Funsani Crown Prince, wa khungu lotuwa, m'kati wouma ndi wotsekemera. Ndipo mukapita koyambirira kwa nyengo masamba akadali anthete, palibe choipa kupempha mwaulemu ngati mungatsineko nkhwani. Ambiri sadziwa n'komwe kuti ndi ndiwo. Pemphani kaye, akakana musakakamire.

Mukafika kunyumba sankhulani tsiku lomwelo. Onse a bala, obooka kapena amene achoka kamtengo kawo ikani padera, amenewo ndi oyamba kudya kapena kuphika. Discovery ndi Worcester idyani msanga. Cox amakhala masabata angapo m'firiji. Bramley ndi amene amasungika miyezi ngati mwawakulunga mmodzimmodzi m'nyuzipepala n'kuwayala m'katoni, pamalo ozizira ndi amdima monga m'galaja, osati m'khitchini motentha. Muziwasuzumira sabata iliyonse n'kuchotsa amene wayamba kuwola. Musawaike pamodzi ndi mbatata, nthochi kapena masamba, chifukwa maapozi amatulutsa mpweya umene umapsetsa ndi kufotetsa zinzake msanga. Akakuchulukirani, aphikeni monga ndafotokozera muja, muwagawe m'timakontena n'kuika m'firiji youmitsa. M'miyezi yozizira muzingotulutsa kamodzi n'kusakaniza m'phala la ana m'mawa.