Guide rod yachitsulo mu CZ P-01: kodi imadya fulemu?

Achimwene ena a ku Turffontein kuno ku Johannesburg anditumizira imelo. Ali ndi mfuti ya m'manja ya CZ 75 P-01 ya laisensi, ndipo mnzawo wa kumalo oyeserera kuwombera wawauza kuti achotse guide rod yapulasitiki, kandodo kaja kamene sipiling'i imavalako, aikemo yachitsulo poti pulasitiki ndi yosalimba. Akufunsa ngati chitsulocho sichingawononge fulemu ya aluminiyamu, lomwe ndi thupi la mfutiyo lokhala ndi chogwirira.

Achimwene, isiyeni yapulasitikiyo. A CZ sanaiikemo mwangozi. Ntchito ya kandodoka ndi yaing'ono: kugwira sipiling'i kuti isapindike slide, chigawo chapamwamba cha mfuti chomwe chimayenda mukawombera, ikamabwerera m'mbuyo. Si iko kamene kamalandira mphamvu ya chipolopolo. Ndiye pulasitiki imakwanitsa bwinobwino, sichita dzimbiri, ndipo ikapindika pang'ono imawongoka yokha. Ngakhale a Beretta anayamba kuika yapulasitiki mu 92FS, mfuti yomwe fulemu yake ndi ya aluminiyamunso, monganso Vektor Z88 yomwe apolisi a kuno akhala akunyamula.

Nkhani yagona pa fulemu. Aluminiyamu ndi wopepuka, kulemera kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo, n'chifukwa chake mfutiyo silemetsa lamba. Koma ndi wofewa kuposa chitsulo. Chimene chimamuteteza ndi khungu lakuda lija lomwe amalipanga ku fakitale. Khunguli ndi lolimba kwambiri, koma ndi lopyapyala. Mutu wa guide rod umatsamira m'kati mwa fulemu, ndipo nthawi iliyonse mukawombera umakankhidwa n'kugwedezeka pamalo omwewo. Ukakhala wapulasitiki, ndiwo umatha. Ukakhala wachitsulo, makamaka wam'mbali mwakuthwa kapena wosakwana bwino pamalo pake, ukhoza kupala khungu lija, ndipo likachoka aluminiyamu wapansi pake sachedwa kudyeka. Sindikunena kuti mfuti iliyonse yoikidwa yachitsulo imawonongeka. Ndikunena kuti phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi chimene mukuika pachiswe. Ochita mpikisano amaika zolemera, ngakhale za tungsten, mtundu wa chitsulo wolemera kwambiri, kuti kutsogolo kwa mfuti kusadumphe kwambiri, koma ambiri a iwo mafulemu awo ndi achitsulo.

Ganiziraninso za malamulo. Kandodo kapulasitiki kakatha mumangogula kena. Fulemu ayi: pansi pa lamulo la mfuti la kuno ku South Africa, Firearms Control Act 60 ya chaka cha 2000, fulemu payokha imawerengedwa kuti ndi mfuti. Ikang'aluka, mwabwerera pamzere wa ku polisi (SAPS) kukayambanso za mapepala, ndipo aliyense amene anadikirapo laisensi akudziwa kutalika kwake.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine si kandodoka, ndi sipiling'i yotopa. Ikafooka, slide imabwerera mwamphamvu n'kumamenya fulemu, ndipo zimenezi zikhoza kuphwanya fulemu ya aluminiyamu. Muziisintha pakatha zipolopolo masauzande angapo. Mukaiyerekeza ndi yatsopano n'kuona kuti yafupika, itayeni.

Chinanso ndi fumbi. Mphepo ya mu Ogasiti ikamauluza dothi la milu ya migodi, fumbilo limalowa ponseponse. Likasakanikirana ndi oyilo m'njanji momwe slide imayendamo, limagwira ntchito ngati mchenga wokwechera poto. Pukutani kaye zakalezo, kenako mupake girisi pang'ono m'njanjimo. Njanji zouma n'zoipanso chimodzimodzi.

Kwa abale athu ogwira ntchito yaulonda: mfuti ya kampani musaisinthe kanthu. Mukaona vuto, kaneneni kwa woyang'anira zida.

Ngati yachitsuloyo mwaika kale, tsimikizani kuti mfutiyo ilibe chipolopolo, imasuleni, muunike ndi tochi pamene pamatsamira mutu wa kandodoko. Kachizindikiro kowala pang'ono kosakula sikoopsa. Mukapeza kadzenje, kapena tizidutswa totuwa pansalu yopukutira, bwezeranimo yapulasitiki ndipo mupite nayo kwa gunsmith (katswiri wokonza mfuti) wa laisensi musanawomberenso.