Nsabwe pa mbatatesi: musathamangire mankhwala a m'botolo

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera imelo. Akuti anadzala mbatatesi m'matumba kuseri kwa nyumba, koma masamba ayamba kupiringizika, kunsi kwake kwadzaza tizilombo tobiriwira, ndipo nyerere zikungokwera ndi kutsika. Akufunsa kuti agule mankhwala ati.

Mayi, zimenezo ndi nsabwe za zomera. Zimayamwa madzi a m'masamba n'kumatulutsa timadzi totsekemera, n'chifukwa chake nyerere zabwera. Nsabwe yaikazi imabereka ana amoyo popanda yaimuna, ndipo anawo amayambanso kubereka patangotha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Mvula ikadula zimachulukana msanga, makamaka ngati munathira Urea wambiri, poti zimakonda nsonga zanthete.

Pa matumba ochepa, sopo akwanira. Sungunulani masupuni ang'onoang'ono awiri a sopo wamadzi mu lita imodzi ya madzi, mupopere madzulo dzuwa litapepa. Tembenuzani masamba, chifukwa sopo amapha nsabwe yokhayo imene wayikhudza. Bwerezani pakapita masiku 5. Sopo waufa wochapira zovala ayi, amawotcha masamba. Madzi a masamba a nimu osinja n'kunyika usiku wonse amathandizanso. Mukaona tizilombo tofiira tamadontho akuda, tisiyeni, ndi tomwe timadya nsabwe, ndipo mankhwala ngati dimethoate amapha tizilomboti limodzi ndi nsabwezo.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa ine si kuyamwako. Nsabwe zimanyamula mavairasi kuchoka pa chomera china kupita pa china. Vairasi ya mbatatesi yotchedwa PVY imalowa m'masekondi ochepa nsabwe ikangolawa tsamba, moti ngakhale mankhwala amphamvu safulumira kuiletsa. Chomera chikadwala sichichira, ndipo matendawo amatsikira mu mbatata yeniyeniyo.

Ndiye yang'anitsitsani. Ngati nsabwe zatha koma masamba akadali opindikira m'mwamba, okhakhala, a mawanga achikasu, ndipo chomera chapinimbira, chizuleni mukachitaye kutali. Mbatata yake mutha kudya bwinobwino, palibe vuto kwa munthu, koma musaisunge ngati mbewu. Ambiri timasankha timbatata ting'onoting'ono kuti tikadzale, pomwe nthawi zambiri timeneto n'tochokera ku zomera zodwala. Chimodzimodzi yotsala pa thumba logula ku Lizulu kapena mumsika wa Limbe: yakudya ndi yabwino, koma simudziwa munda umene yachokera. Za mbewu yopanda matenda funsani alangizi a zaulimi, kapena ku malo ofufuza zaulimi ku Bvumbwe, si patali ndi Blantyre.