Ndi MS kapena NMO? Yankho kwa mayi wa ku Johannesburg

Mayi wina wa ku Johannesburg wandilembera pa imelo za mng'ono wake. Chaka chatha diso limodzi linachita chidima, likumapweteka akalitembenuza, kenako linachira. Pano miyendo yachita dzanzi, mkodzonso ukuvuta kutuluka. Adokotala atchula multiple sclerosis (MS) ndi neuromyelitis optica (NMO). Funso la mayiyu: kodi ndi nthenda imodzi, nanga imachizika?

Mayi, si imodzi. Minyewa ya mu ubongo ndi mumsana imakutidwa ndi myelin, monga pulasitiki amakutira waya wamagetsi. Pa MS chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kumawononga chokutiracho. Ndiye pamabwera dzanzi, kufooka, kuona zinthu ziwiriziwiri, kudzandira ndi kutopa kosaneneka, ndipo zimakula kukatentha. Kwa ambiri zimabwera n'kupita.

NMO ndiyo ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa mwa ife anthu akuda siisowa monga imasowera mwa azungu. Imakonda maso ndi msana, ndipo ikagwira imagwira mwamphamvu: munthu atha kuchita khungu kapena kupuwala ulendo umodzi wokha. Ena imayamba ndi ntchikwi ndi kusanza kosaleka. Kuyambira 2004 pali njira yoipezera m'magazi, poyang'ana asilikali a m'thupi olimbana ndi aquaporin-4, puloteni ya mu ubongo ndi mumsana. Pemphani kuti ayezedwe zimenezi, pamodzi ndi asilikali olimbana ndi MOG (puloteni ya pa myelin), asanayambe mankhwala a nthawi yaitali. Ndikukakamira apa chifukwa mankhwala ena a MS, monga interferon beta, amakulitsa NMO.

Adzafunikanso kujambulidwa mutu ndi msana wonse ndi makina a MRI, ndi kutenga madzi a pamsana. Musaope, samapuwalitsa munthu. Adokotala ayang'anenso HIV, TB, chindoko ndi kuchepa kwa vitamini B12. Ngati anasambako m'nyanja ya Malawi, anene, pakuti likodzo limafika mpaka mumsana.

Mankhwala ochiziratu palibe. Koma nthenda ikabuka amapereka methylprednisolone pa diripi masiku 3 mpaka 5, ndipo zikakanika amasefa magazi ndi makina. Oletsa kuti isabwerenso alipo: rituximab amathandiza pa zonse ziwiri, ndipo mu 2023 bungwe la WHO linamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira a MS. Mafizo nawonso asawasiye.

Za mkodzozo musadikire tsiku limene anakupatsani. Dzanzi la miyendo likabwera pamodzi ndi mkodzo wovuta, msana uli pangozi. Apite kuchipatala lero.