Za Daredevil, Matt Murdock ndi Frank Castle: yankho langa pa funso la kutengera malamulo m'manja

Achimwene mwafunsa kuti kodi Daredevil ija, filimu ya maepisodi ya pa TV, ikutiuza kuti makhoti ndi apolisi akalephera ndi bwino munthu kutengera malamulo m'manja, komanso kuti pakati pa Matt Murdock (Daredevil mwiniwakeyo) ndi Frank Castle (wopha zigawenga wodziwika kuti Punisher) wolondola ndi ndani. Ndiyankha motalikirapo chifukwa anthu ambiri akafika pa nkhaniyi amangoti Punisher ndi dolo basi nkhani yatha, pomwe muli zambiri. Amene simunamalize kuonera mundikhululukire, ndiulula zinthu.

Poyamba tiyeni tione zomwe olemba anampatsa Matt. Sizoni yoyamba inatuluka pa Netflix mu Epulo 2015, maepisodi 13, Charlie Cox ndi amene akusewera. Matt ndi loya wosaona wa ku Hell's Kitchen mu mzinda wa New York, masana ali ku khoti usiku wamanga nsalu yakuda kumaso akuthyola anthu nthiti. Anachita khungu ali ndi zaka 9 mankhwala oopsa atamugwera m'maso pa ngozi ya mseu, koma makutu ake anakhala akuthwa moti amamva mtima wa munthu ukugunda, nde munthu akamanama iye amadziwiratu pompo. Episodi yoyamba yomwe, Karen Page wapezeka m'nyumba mwake ali ndi mpeni m'manja, mnzake wa kuntchito ali gone pansi wakufa, aliyense akuona kuti wapha ndi iyeyu, koma Matt wangomvera mtima wake n'kudziwa kuti mkaziyu akunena zoona. Apa mpomwe pagona nkhani yonse kwa ine. Ntchito yomwe khoti limathera miyezi likuitana mboni ndi kufunsa mafunso, Matt amaimaliza atangoima pafupi nawe. Ndiye funso lalikulu kwambiri pa nkhani yolanga anthu wekha, loti nanga ukamenya wosalakwa zikhala bwanji, olemba analichotsa kale tisanayambe n'komwe kuonera. Ife timaombera m'manja chifukwa tikudziwa kuti amene akumenyedwayo ndi wolakwadi, tamuona ndi maso athu akuba mwana.

Munthu weniweni alibe makutu amenewo. Ali ndi mantha, mphekesera ndi maganizo ake akale a momwe wakuba amaonekera. Ku America komweko mu Febuluwale 2020 Ahmaud Arbery, mnyamata wachikuda wa zaka 25, ankathamanga pafupi ndi Brunswick ku Georgia, amuna atatu anamuthamangitsa ndi magalimoto ati akumuganizira zakuba, mmodzi n'kumuombera. Atatu onse anawapeza olakwa mu 2021 n'kupatsidwa ndende moyo wonse, ndipo Georgia inachotsa lamulo lake lakale la 1863 lomwe linkalola munthu wamba kugwira mnzake pongomukayikira. New York nayo ili ndi mbiri yake, mu Disembala 1984 Bernhard Goetz anaombera anyamata anayi achikuda mu sitima ya pansi pa nthaka ponena kuti ankafuna kumubera, mmodzi analumala moyo wake wonse, ndipo anthu ambiri mumzindamo ankamutama ngati ngwazi chifukwa umbava unali utawatopetsa. Khoti mu 1987 linangomupeza wolakwa pa kukhala ndi mfuti popanda chilolezo. Daredevil ikuchitikira mu mzinda womwewo womwe unadutsa m'zimenezi.

Koma sindikuti Matt alibe mfundo ayi. Episodi 10 pomwe Foggy Nelson, loya mnzake wa Matt, watulukira chinsinsi choti womenya anthu usiku uja ndi Matt ndipo akukangana tsiku lonse m'nyumba, Matt akufotokoza momwe anayambira. Usiku ankamva kamtsikana kakulira, bambo ake akukachita zoipa mayi ali mtulo. Anachita zoyenera, anaimbira a boma oona za ana, koma mayi sanakhulupirire, mwana sanayankhule, bamboyo sankasiya chizindikiro chilichonse. Nde Matt anamulondola n'kumumenya mpaka kukagona m'chipatala. Ndani angaonere zimenezo n'kunena kuti akanangodikira? Ine sindingathe. Chomwe chimandisangalatsa n'choti Foggy sanagonje, anamubaya ndi funso loti mwina iwe umangofuna chifukwa chomenyera munthu, ndipo Matt sanakane kwenikweni, anavomera kuti sakufuna kusiya. Mwana wa katswiri wankhonya ameneyu, ukali ulimo m'magazi, n'chifukwa chake amangopitapita kwa Bambo Lantom ku tchalitchi kukafunsa za Satana ndi za tchimo lomwe sanachite n'komwe.

Palinso episodi 2 yomwe aliyense amaikumbukira chifukwa cha ndewu ya m'kakhonde ija, kamera osadula, Matt akugwa ndi kutopa n'kudzukanso. Koma ndewuyo isanachitike pali pamwamba pa nyumba paja, wamangirira mu Russia wina akumufunsa komwe abisa mwana, ndipo Claire Temple, nesi, munthu woti ntchito yake ndi kuchiza, ndi amene akumuuza pobaya pomwe pangapweteke kwambiri, pafupi ndi diso. Munthuyo waulula, zomwe waulula ndi zoona, mwana wapezeka. Apa filimu inatinamiza poyera, chifukwa munthu akamazunzidwa amanena chilichonse kuti ululu uthe, zoona kaya bodza, koma poti Matt amamva mtima vuto limenelonso palibe.

Tsopano funsani kuti Wilson Fisk, mkulu wa zigawenga yemwe ndi mdani wamkulu wa Matt, anagwa ndi chiyani. Si nkhonya. Matt anamenya ma Russia, anamenya ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, Fisk anali phee akugula zithunzi zodula ndi kupita pa TV kukalonjeza kuti akonza mzinda. Zomwe zinamugwetsa ndi Karen kukana kukhala chete za ndalama za kampani ya Union Allied, mtolankhani Ben Urich kukumba mpaka kuphedwa nazo, mapepala omwe Marci, loya yemwe anali chibwenzi cha Foggy, anatulutsa ku kampani ya maloya a Fisk, kenako Hoffman, wapolisi wodya ziphuphu yemwe anavomera kukaulula mayina onse ku FBI, apolisi ofufuza milandu a boma la America. Ntchito ya Daredevil pamenepo inali yoti Hoffman afike wamoyo, ndi kukamugwiranso Fisk atathawa pa galimoto ya akaidi. Sizoni 3 chimodzimodzi, chomwe chinamaliza nkhani ndi vidiyo yomwe Ray Nadeem, wapolisi wa FBI, anajambula pa foni akudziwa kuti aphedwa. Ndiye mukaonetsetsa, filimuyi ikugulitsa nkhonya koma mlandu ikuuwina ndi mboni, ndipo mbonizo ndi zomwe zikufa, wovala chigoba amadzuka mawa lake ndi mabala basi.

Nadeem yemweyo ndimamukonda chifukwa akuonetsa momwe katangale amalowera mwa munthu wabwino. Sanali wadyera, anali ndi ngongole zambiri chifukwa cholipirira mlamu wake chithandizo cha khansa, ngongolezo zinkamutsekereza kukwezedwa pa ntchito, nde Fisk atabwera ndi nkhani zoti aziulula zigawenga zina iye anaona mwayi, osadziwa kuti wakonza zonsezo ndi Fisk yemweyo. Nkhani ya kudula kwa chipatala ku America ayiika mmenemo mosachita phokoso.

Nkhani ya nyumba ndi yomwe ambiri amailumpha. Mayi Elena Cardenas amakhala m'nyumba ya lendi yotsika yomwe malamulo a New York amateteza, eni nyumba akufuna alendi onse atuluke kuti pamangidwe zodula, atumiza anthu ati okonza, abowola makoma n'kusiya opanda madzi ndi magetsi, kenako akubwera ndi ndalama kuti tengani muzipita. Foggy ndi Karen anawalimbikitsa mayiwo kuti musachoke tilimbana nazo mwa malamulo, mapeto ake anabayidwa pakhomo pawo ndi munthu wa mankhwala yemwe analipidwa. Apa palibe yemwe anawapulumutsa, loya analephera, wa chigoba analepheranso. Ndipo Fisk samadziona ngati chigawenga, iye amati akukonza Hell's Kitchen, mawu omwewo omwe Matt amanena, onse awiri mzinda wanga mzinda wanga, palibe anawasankha. Chosekesa n'choti Hell's Kitchen yeniyeni pofika 2015 inali kale dera lodula, masiku a zigawenga za chi Irish zotchedwa Westies anatha kalekale, moti olemba anachita kugwiritsa ntchito chiwonongeko cha mzindawu cha mu filimu ya Avengers ya 2012 kuti derali lionekenso losauka.

Za Frank tsopano. Sizoni 2, 2016, Jon Bernthal. Episodi 3 Matt wamangidwa ndi tcheni pamwamba pa nyumba, awiriwa akungoyankhulana pafupifupi episodi yonse, ndipo kunena zoona Frank amaoneka ngati akuwina mkanganowo. Mfundo yake ndi yoti amene iwe umawamenya mwezi wamawa abwerera mumsewu, anga sabwerera. Matt akuti munthu amatha kusintha ndipo si iwe woti uzimitse mwayi umenewo. Kenako Frank amamatira mfuti m'dzanja la Matt ndi tepi, chipolopolo chimodzi, n'kubweretsa Grotto, wa m'gulu la zigawenga, yemwe akuvomera kuti anapha mayi wokalamba chifukwa anaona nkhope yake, akuti sankha, undiombere ine kapena umuombere iyeyu. Matt anaombera tcheni, Grotto anafabe. Anthu amatenga apa n'kumati mwaona Matt ndi wofooka. Koma taonani nkhani ya Frank mpaka kumapeto. Mkazi wake ndi ana awiri anaphedwa ku Central Park magulu atatu a zigawenga ataomberana, ndipo unali msampha wa boma womwe Reyes, mkulu woimira boma pa milandu, analola kuti uchitike anthu wamba ali pomwepo, kenako n'kubisa zonse. Ndiye kukwiyira boma kwake n'komveka. Koma munthu yemwe anali kumbuyo kwa malonda onsewo anali Schoonover, mkulu wake wa ku usilikali, yemwe anabwera ku khoti kudzamuchitira umboni wabwino. Frank anapha anthu ambirimbiri ali wotsimikiza kuti akudziwa adani ake, mwini nkhani anali munthu yemwe ankamuchitira sawasha, ndipo anayamba kumutulukira ndi Karen poyang'ana zithunzi pakhoma. Komanso Frank yemweyu anaombera mfuti m'chipatala muli odwala, filimu n'kungotiuza kuti poti ndi katswiri palibe wosalakwa akanavulala. Chinyengo chomwe chija, Matt anapatsidwa makutu, Frank anapatsidwa diso losaphonya.

Sizoni 2 yomweyo inandikhumudwitsa theka lachiwiri, mlandu wa Frank uli mkati nkhani yokoma chonchi iwo akutitengera ku ma ninja ndi dzenje lalikulu lomwe silinafotokozedwe bwino. Zimenezo tizisiye.

Chigoba chili ndi vuto lina lomwe sizoni 3 inalionetsa bwino, aliyense akhoza kuchivala. Dex, wa FBI wosokonezeka mutu, anavala suti ya Daredevil n'kukapha anthu ku nyuzipepa ya Bulletin, mzinda wonse n'kukhulupirira kuti ndi Daredevil, nanga ukanadziwa bwanji munthu alibe dzina alibe nkhope. Ndipo izi zinachitikanso kunja kwa filimu. Chizindikiro cha chibade cha Punisher, munthu yemwe anayamba kuoneka mu makomiki mu 1974, apolisi ndi asilikali ena ku America anayamba kuchimata pa magalimoto ndi pa zovala, mpaka Gerry Conway, mmodzi mwa omwe anamupanga, anadzudzula poyera kuti Punisher ndi chizindikiro choti malamulo alephera, wapolisi sangachinyadire.

Daredevil: Born Again, yopitiriza nkhani yomweyi pa Disney+ mu 2025, inaitenga nkhani imeneyi mwachindunji. Fisk tsopano ndi meya wosankhidwa ndi mavoti, wakhazikitsa gulu la apolisi losaka ovala zigoba, ndipo apolisi ake ena ali ndi chibade chija pathupi. Hector Ayala, wovala chigoba wodziwika kuti White Tiger, anaona amuna awiri akumenya munthu pa siteshoni ya sitima, analowerera osadziwa kuti ndi apolisi osavala yunifolomu, mmodzi anagwera pa njanji sitima n'kumugunda. Uyu nde woyamba yemwe olemba anamusiya ngati ife, wamtima wabwino koma wosadziwa zonse zomwe zikuchitika patsogolo pake. Matt anamuwinira mlandu mu khoti mwa malamulo, Hector anatuluka mfulu, atangovalanso suti yake n'kulowa mumsewu anaomberedwa m'mutu ndi munthu wovala chibade, yemwe pambuyo pake zinadziwika kuti ndi wapolisi.

Ndiye mukandikakamiza kusankha achimwene, ndisankha Matt, osati poti njira yake ndi yoyera, amazunza anthu ndipo ena amawasiya olumala, koma poti amene wamumenya Matt amakhalabe ndi pakamwa, akhoza kukaima pa khoti n'kutchula yemwe anamutuma ngati momwe anachitira Hoffman. Hoffman akanakumana ndi Frank poyamba, Fisk sakanalowa ndende sizoni yoyamba ija.